Kachidutswa ka Rimu ya a Clinton

Lozells, Birmingham
10 Malichi 2024

Bambo anga a Milanzi,

Landirani moni wochuluka ngati fumbi la mu Ndirande mwezi wa Okutobala. Bondo lija likuti bwanji? Ife kuno tili bwino, ine, Flossie ndi mdzukulu wanu Zoe, kungoti kuzizira kwa kuno kumaluma ngati galu wa eni ake.

Mlongo wanga Rose wandiuza kuti foni mukuikanabe, akuti makutu anatha ndi nyundo ndipo mawu a pa foni ndi mphepo. Chabwino, ndagwira cholembera. Mukapeza zolakwika mudzifunse nokha, ndinu munandichotsa mu sitandade 6 kuti ndizikupukusirani moto.

Anthu aja amanena kuti Everton anapita ku Ingalande pa chikamwini, pa viza ya mkazi, akungotsuka mbale pomwe Flossie akubaya anthu jakisoni kuchipatala ku Nuneaton, muwauze apumitse milomo. Ndalembedwa ntchito pa galaja ina ku Smethwick. Pamenepo sitigwira injini, sitigwira matayala, timakonza marimu okhaokha, chitsulo chija tayala imavalapo. Mwini wake ndi mayi, dzina lake Kayla, wamfupi ngati mtondo, koma akakuwa ngakhale njiwa za padenga zimaima sawasha.

Ndikuphunzitseniko pang'ono, poti masiku ano mphunzitsi ndine. Marimu alipo mitundu iwiri. Ena ndi osungunula. Amasungunula aluminiyamu nkuthira m'chikombole, ndendende momwe inu mumaumbira mapoto pamchenga kuseri kwa msika. Amenewo ndi olemera, mkati mwake mumatsala timphako ta mpweya, ndipo akagunda mwala amathetheka ngati mbale yadothi. Ena ndi osula, kuno amati fojidi. Amenewo sawasandutsa madzi ayi. Amatenga chibuluma cha aluminiyamu nkuchifinya ndi chimakina cholemera ngati phiri la Ndirande mutalisanjikiza pa la Soche, kenaka nkusema. Rimu yotero mutha kuinyamula ndi chala chimodzi, ndipo ikagwa m'dzenje imapindika, siithyoka. Galimoto zaliwiro zija fakitale imatulutsa ziwiriziwiri za nkhope imodzi. Yotsika mtengo amaiveka osungunula, yodula amaiveka osula. Kuziona patali ndi mapasa, koma wina anabadwira m'khola, wina kunyumba ya mfumu.

Tsiku loyamba Kayla anandiimika pa mulu wa marimu nkundiuza ndisankhule owonongeka. Anzanga amafufuza ndi tochi. Ine ndinangotenga sipanala nkumagogoda imodziimodzi khutu lili pafupi, monga tinkachitira pogula zitsulo zakutha. Yachisanu inatsokomola. Atayang'ana bwino anapeza mng'alu wochepa ngati tsitsi. Mayi uja anafunsa kuti ndinaphunzira kuti, ine ndinati ku yunivesite ya kuseri kwa msika, pulofesa wake ndi wogontha. Ndinamuuzanso lamulo lanu lija, loti chitsulo uchilize mwini wake ali pomwepo, ndipo chimene wamva unene asanachoke. Anati lamulo limenelo ndi labwino kuposa makompyuta ake onse.

Koma musayambe kudzimva. Zanu ndi za mapoto. Ine ndakwera, ndikugwira zitsulo zoti inu simunazilotepo.

Ndatumiza kangachepe kwa Rose. Agule malata awiri a pashedi paja pamadontha, yotsalayo akuyezetseni maso. Kuno therere lodzaza dzanja limodzi ndi mapaundi awiri, mukamalidya muzindikumbukira.

Ndine mwana wanu, dokotala wa marimu,
Everton


Lozells
9 Epulo 2024

Bambo,

Moni wa mtima wonse. Ndamva kuti malata aikidwa, tsopano muzidandaula china. Ife tili bwino, Zoe ndikamufunsa m'Chichewa akumandiyankha m'Chingerezi ngati ndine wamsonkho.

Kalata iyi ikubwera ndi Chiukepo, mnyamata wa ku Rumphi amene akuphunzira udokotala wa mabuku kuno. Anyamuka Lachisanu pa 12, adzera ku Blantyre, ndipo abwerera kuno kumapeto kwa Juni. Mumulandire bwino. M'envulopu mupezamo kanthu kokulunga m'pepala. Musakataye, imvani kaye mbiri yake.

Kutchalitchi kwathu kuli mkulu wina, a Clinton. Munthu wa masukulu, amagwira za makompyuta ku banki, Chingerezi chake chimatulukira m'mphuno. Ndiye wapampando wa Amalawi a kuno, ndipo mu Julayi akukwatira Mwayiwathu, mwana wa ku Dedza. Chaka chino agula galimoto ya ku Jeremani, yakale pang'ono koma ya mtundu wapamwamba uja, yofupika ngati fulu, ikalira ana a m'misewu itatu amadzuka. Marimu ake ndi osula, openta ngati mkuwa. Aliyense amene waima pafupi amauzidwa zimenezi, ngakhale sanafunse.

Lamulungu lapitali anthu titangotuluka, a Clinton anafuna kutionetsa momwe galimoto imakhotera. Anaiyandikitsa kwambiri pa kakhoma ka m'mphepete mwa msewu. Tinangomva khwee! Azimayi anagwira pakamwa. Iwo anatuluka, anayang'ana rimu ya kutsogolo kumanzere mwa diso limodzi, anati ndi kukalika chabe, nkuthawa ndi manyazi awo. Ine ndikuyang'ana pansi ndinaona kachidutswa kakung'anima, kakulidwe ngati nzama. Dzanja linapita lokha. Si inu munandilera kuti aluminiyamu sasiyidwa pansi? Mayi Shukuru, amene amatiphikira tiyi, anaseka mpaka kugwira mpanda.

“A Everton, ndege yonse ija munakwera, mukutolabe?”

Ndinawauza kuti mwana wa ng'ona salephera kusambira.

Ndiye kameneko ndi kanu. Mukagwire, mukanunkhize, mukaonetse anzanu a pamsika. Chimenecho ndiye chitsulo chosula, fojidi weniweni, rimu yake imodzi mtengo wake mungagule mapoto onse a mu Ndirande ndi eni ake omwe. Ndikudziwa mufunsa kuti nanga chathyoka bwanji poti ndinati chosula sichithyoka. Bambo, liwiro la galimoto imeneyo simungalimvetse inu oyenda pa kabaza.

A Clinton ndawauza kuti asavutike kupita kwa azungu, marimu onse anayi abweretse kwa ine ndiwatsuke ndi kuwapentanso ukwati usanafike. Mkwati adzayenda pa ntchito ya manja a Milanzi.

Magalasi mukalandira muzivala, osawasunga m'sutikesi ngati ndi a maliro.

Wanu wokwera,
Everton


Lozells
5 Meyi 2024

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno dzuwa layamba kuoneka, azungu avula malaya ngati kwagwa chaka.

Uthenga wanu Rose wanditumizira pa foni, ndipo ndinaseka mpaka Flossie anabwera kudzaona ngati ndakomoka. Akuti munavala magalasi atsopano, munatembenuza kachidutswa kaja kawiri, nkunena kuti ichi ndi chitsulo cha poto, pothyokapo pali ngati shuga. Bambo, magalasi amenewo mubweze, anakugulitsani matako a botolo. Munthu wa digiri ziwiri angayende pa poto? Inu chilichonse chowala mumachiona poto. Tsiku lina mudzaona ndege mudzati ndi sefuliya yaikulu.

Dzulo ndinakatenga marimu aja. Pa galaja pathu lamulo ndi loti kasitomala abwere yekha, rimu iliyonse aijambule, ailembe papepala, asayine. Koma a Clinton anati Loweruka ali ndi alendo, ndiye ndinabwereka vani nkupita kwawo ku Solihull. Munthu wakwanu ungamusayinitse pepala ngati mbava? Tinagwirana chanza basi. Ndinapeza galimoto yakhala pa majeki, marimu avulidwa matayala, ndipo pakhonde padzaza akuchikazi, amalume ake a Mwayiwathu ochokera ku Stoke ndi azimayi atatu a zitenje zofanana. A Clinton anandionetsa kwa iwo kuti uyu ndi mnyamata wanga wa marimu. Mnyamata, ine wa imvi zitatu! Ndinameza.

Pokweza m'vani ndinagogoda imodziimodzi ndi kiyi, mwa chizolowezi. Atatu anaimba bwino, mawu aatali ngati belu la ku mishoni. Ya kutsogolo kumanzere ija inalira mwina mwake. Mwina ndi kuthyoka kuja. Mwinanso ndi khutu langa, kumene ndinabadwira kuli ugonthi. Amalume aja anali akufunsa mtengo wa galimoto, a Clinton akuyankha chifuwa chili patsogolo, ine ndinatseka chitseko cha vani nkutsazika. Nkhani imeneyo tidzakambirana tsiku lina.

Kachidutswa kaja kali kuti? Ndikungofunsa.

Mumuuze Rose kuti nsapato za mwana wake ndagula, ndikudikira wobwera.

Everton


Lozells
19 Meyi 2024

Bambo,

Moni. Tili moyo. Masiku ano ndikupumako pang'ono kunyumba, thupi limafunanso tchuthi.

Ndikuuzeni ndekha Rose asanakuuzeni zokhota, poti nkhani za kuno zimafika ku Ndirande ndege isananyamuke. Marimu aja titawaviika m'mankhwala ochotsa penti anatuluka mbulanda, ndipo chitsulo chikavula sichinama. Atatu kumbuyo kwake ndi kosalala, kosemedwa bwino, nambala ya fakitale ili poyera. Yachinayi kumbuyo ndi kokhakhala ngati lilime la ng'ombe, nambala palibe. Ndinaika pa sikelo ziwiri za kutsogolo. Ya kumanja makilogalamu khumi. Ya kumanzere khumi ndi atatu. Ndi rimu yongotengera, yosungunula, imene munthu wina anaiveka nkhope ya mnzake.

Ndinawaimbira a Clinton ndikuseka, monga mwa ine. Ndinati achimwene, galimoto yanu ili ndi mano atatu agolide, limodzi ndi la chinangwa. Foni inaduka. Pasanathe ola anafika pa galaja atavala taye. Anayang'ana rimu ija nkunena pamaso pa Kayla ndi anzanga onse kuti si yawo. Akuti yawo inangokalika, iyi ndi yobenthuka. Akuti ine ndagulitsa yeniyeni, ndagula yotchipa, ndaibenthula ndi nyundo kuti ifanane. Akuti anthu osaphunzira ukawapatsa mpata ndi momwemo.

Kayla anangofunsa funso limodzi, kuti pepala ndi zithunzi zili kuti. Ndinayang'ana nsapato zanga. Mayi uja sanakuwe, ndipo kusakuwa kwakeko ndi kumene kunandiopsa. Watsekera rimu ija mu ofesi mwake, ine wandiimitsa ntchito mpaka nkhani ioneke mutu wake. Akuti amandikhulupirira, koma khutu langa sangalionetse kwa loya.

A Clinton akuti ndi munthu wachifundo. Ndikaima kutsogolo kwa mpingo, ndikapepesa, ndikagula rimu ina, nkhani ithera pomwepo. Ndikapanda kutero pofika kumapeto kwa Juni apita kupolisi. Flossie atamva mawu oti polisi anakhala pansi pa masitepe ndi yunifolomu yake. Viza yathu aikonzanso chaka chamawa, ndipo mafomu ake amafunsa mafunso. Za zimenezo ndisalembe zambiri.

Koma ine kupepesa ayi. Ndipepese chiyani? Kupepesa ndiye kuvomera kuti mwana wa Milanzi ndi wakuba. Ine ndine wabodza wa nkhani zoseketsa, ndine wamatama, zimenezo lembani pa chipupa. Koma chiyambire sindinatengepo ngakhale msomali wa munthu. Aitane apolisi a mu Birmingham monse, abwere ndi akavalo awo omwe, adzandipeza nditakhala pakhomo ndikumwa tiyi.

Tsono kachidutswa kaja. Musakaponye m'ng'anjo. Kanachoka kuno pa 12 Epulo, marimu ndinawagwira pa 4 Meyi, ndipo kali ndi penti yake ya mkuwa. Kakalowa pobenthuka paja, ndiye kuti rimu imeneyi inali pa galimoto ine ndisanaikhudze. Mumupatse Chiukepo pobwera. Kalata iyi ndaijambula pa foni kuti Rose akaisindikize lero lomwe.

Sikuti ndikuda nkhawa. Ndikungofuna katundu wanga.

Everton


Lozells
2 Juni 2024

Bambo,

Moni. Kodi Rose akukupatsani makalata anga, kapena akukulungira mandasi? Masabata awiri tsopano. Ndikamufunsa akuti mwawerenga, mwapinda, mwaika m'thumba la malaya, mwabwerera kumoto.

Lero titatuluka m'tchalitchi akuluakulu anatiitanira m'kachipinda ka tiyi. Abusa, madikoni awiri, a Clinton ndi ine. Anayamba ndi pemphero lalitali loti ndinatsala pang'ono kumera mizu. Kenaka abusa anati mlandu wa pachibale suyenera kufika kwa akunja, wamng'ono agonje kuti mudzi ukhale. Dikoni wina anati ngakhale utakhala kuti sunabe, ungopepesa, mawu sathyola fupa. Anati Amalawi angathe kusonkha kuti andithandize kugula rimuyo mwakachetechete. Ndinafunsa kuti wamng'ono ndani pano, poti ine a Clinton ndinayamba kuona dzuwa iwo asanabadwe. Anati sakunena zaka.

Pamenepo ndinaimirira. Ndinati abusa, ine sukulu ndilibe, Chingerezi changa ndi cha zigamba, kuno ndinabwera pamsana pa mkazi, zonsezo nzoona. Koma chitsulo ndinachiyamwa. Iwo akudziwa mtengo wa galimoto yawo, ine ndikudziwa mawu ake. A Clinton anati umboni wanga uli kuti. Ndinati uli ku Ndirande, kuseri kwa msika, m'manja mwa bambo anga. Chipinda chonse chinaseka, ngakhale dikoni wina amene anali akugona anadzuka kuti asekeko. Ndinawasiya akuseka, ndinatenga bisiketi ziwiri pa mbale yawo nkutuluka.

Panja Mayi Shukuru anandikoka malaya. Anati iwo anandiona ndikutola, adzanena kulikonse, koma maso a mayi wophika tiyi ndani angawawerenge pamaso pa wapampando. Ena onse akundilambalala ngati ndili ndi mphere. Pa gulu la pa foni la Amalawi wina analemba kuti samalani ndi matayala anu. Ndinayankha kuti asade nkhawa, galimoto zawo ngakhale mbava ingazisiyire ndalama ya sopo. Andichotsamo.

Kunyumba kuli zii. Flossie amanyamuka m'mawa kukakwera sitima ya ku Nuneaton, amabwera, amadya, amagona chondifulatira. Dzana anati zaka zinayi za mayeso ndi mashifiti ake ndikufuna kuzigulitsa chifukwa cha liwu limodzi loti pepani. Mkazi ameneyu akanama ndimadziwa pomuyankha, koma akanena zoona ndimasowa polowera.

Panopa ndikuthandiza Mzambiya wina kutsuka magalimoto ku Aston. Manja a dokotala m'thovu la sopo. Musauze anthu.

Bambo, kachidutswako kalipo kapena kanasanduka chogwirira cha poto? Ngati munakasungunula nenani, ndidziwe kuti ndikumenya nkhondo ndi manja okha. Ndimenyabe. Koma nenani.

Everton


Lozells
9 Juni 2024

Bambo anga,

Moni. Yankho lanu lafika, Rose waliwerenga pa foni mawu ndi mawu, akudziletsa kuseka. Akuti mwati chitsulo cha fojidi inu mulibe, simunachilotepo. Muli ndi kachitsulo ka poto kamene mwana wanu anakutumizirani. Amene akufuna ka poto alembe kuti akufuna ka poto. Ndiponso afotokoze chimene anamva pa vani paja, ndi chifukwa chake sananene.

Ndinu munthu wouma mtima. Mpingo wonse wa Birmingham walephera kundigwaditsa, inu mukufuna mundigwaditse muli pa mtunda wa maola khumi ndi awiri pa ndege, mutakhala pa chitini.

Chabwino. Valani magalasi aja, ndi abwino, si matako a botolo.

Ndikufuna ka poto. Ndi chitsulo chosungunula. Munaona ndi diso limodzi chimene ine ndinakana kuona ndi awiri. Ndinakatola ndekha, pothyokapo panali ngati shuga, ndinapaona. Koma ndinayang'ana taye ya mwini wake m'malo moyang'ana chitsulo. Ndinkafunanso kuti mugwire kanthu kochokera kwa ine koti simungakadziwe, kuti mwina mungati mwanayu anapitadi patali.

Pa vani paja rimu inatsokomola, ndipo ndinadziwa pomwepo. Khutu langa lilibe vuto. Mwini wake anali pomwepo, lamulo lanu linali m'mutu mwanga, koma ndinaona amalume a mkazi wake atakhala pakhonde ndipo ndinamumvera chisoni munthu. Ndinati ndimusungire ulemu, ndidzamuuza patokha. Ine amene pakamwa panga sipatsekeka ngakhale m'tulo, tsiku limodzi lokha limene ndinafunika kulankhula ndinakhala chete. Ndikanangoti a Clinton tabwerani mumve, tonse tikanamva limodzi, ndipo bwenzi lero ndili pa ntchito.

Ndalakwira inu ndi lamulo lanu. Amenewo ndiwo mapepani anga, ndipo ndi okhawo amene ndili nawo chaka chino. A Clinton asayembekezere otsala, atha.

Kalata iyi musaionetse anzanu a pamsika. Ndikudziwa muionetsa.

Chiukepo anyamuka pa Chileka pa 20. Rose ali ndi nambala yake.

Mwana wanu,
Everton


Lozells
30 Juni 2024

Bambo anga a Milanzi, pulofesa,

Moni wonona. Bondo likhale pansi, makutu apume, maso okha agwire ntchito, chifukwa nkhani iyi ndi yofunika kuiwerenga kawiri.

Chiukepo anafika Lachisanu pa 21. Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege ngati ndi nduna. Mnyamata uja akuti kachidutswako anakasunga m'sokosi njira yonse, ndipo posintha ndege ku Addis anatuluka thukuta poopa kuti makina ofufuzira anthu akalira adzafotokoza chiyani. Anandipatsa kabokosi ka machesi. Mkati munali kansalu kopukutira magalasi anu, mkati mwa kansalu muli iko. Rose akuti masiku onsewa kanali m'thumba la malaya anu, mumagona nako. Ndiye inu munkandizunza dala.

Loweruka m'mawa tinakumana pa galaja. Kayla, a Clinton, abusa, Mayi Shukuru, Chiukepo ndi tikiti yake ya pa 12 Epulo. Flossie anasinthitsa shifiti nkubwera osandiuza, anaima pakhomo manja atapinda. Kayla anatulutsa rimu mu ofesi nkuigoneka pa tebulo. Ndinati ine sindikhudza, angadzati ndachita matsenga. Ndinapereka kabokosi kwa abusa. Anatulutsa kachidutswa kaja ngati akugawa mgonero nkukayandikitsa pobenthuka paja. Anakatembenuza kamodzi, kawiri, kenaka kanangolowa khe, osasiya mpata ngakhale wa tsitsi. Rimu yonse yotuwa, pamenepo pokha kadontho ka mkuwa, penti ya galimoto ya a Clinton.

Kayla anatukwana mawu amene sindingalembe kwa bambo anga. Chiukepo anaika tikiti pa tebulo nkunena kuti kanthu aka kanali ku Malawi masabata atatu marimu asanachoke ku Solihull. Mayi Shukuru anati, “Si ndinanena ine? Amatola ameneyu.”

Ndiye ndinatenga sipanala. Ndinati a Clinton, chimene ndinayenera kuchita pakhomo panu ndichita lero, tayandikirani. Ndinagogoda yosula, inaimba mpaka kudenga. Ndinagogoda inayo, inati pho, ngati chikho chong'aluka. A Clinton anazimva zonse ziwiri. Kenaka anati munthu amene anawagulitsa galimoto ndiye anawapusitsa, ndipo mwina pakati pa ine ndi iwo panali kusamvetsetsana.

Ndinati, “Ayi achimwene, tinamvetsetsana bwinobwino. Munati ndine wakuba, ine ndinamva.”

Abusa anatsokomola, anati tiyeni tithokoze kuti zatha. Pepani wa a Clinton sanatuluke, ndipo sindikumudikira, ndingakalambe. Khadi la ukwati silinabwere. Pa gulu la pa foni andibwezeramo mwakachetechete ngati mphaka wolowa pawindo, ndipo amene analemba za matayala uja wandifunsa kale ngati ndingamuonere marimu ake. Ndamuuza abwere yekha, asayine.

Ntchito ndayambanso Lolemba. Kayla wandiuza kuti ndikadzatenganso katundu popanda pepala adzandiviika ine m'mankhwala ochotsa penti. Wakhomanso chikwangwani pakhomo choti rimu iliyonse izilizidwa mwini wake ali pomwepo. Lamulo lanu lili pa chipupa ku Smethwick, m'Chingerezi. Ndinafuna alembepo dzina langa, anakana. Loweruka lija titafika pa siteshoni ya basi Flossie anandikonza kolala nkunena kuti ndine chitsiru chamwayi. Kwa iye amenewo ndi mawu achikondi.

Rimu ija Kayla anakana kuiwotcherera, akuti siyoyenera kunyamula mkwatibwi. A Clinton aitanitsa yosula yeniyeni, ndipo mtengo wake atauona akuti anavula taye. Yakaleyo anati titaye. Ine ndinafunsa pamaso pa mboni ngati akundipatsa, anati tengani, ndinati sayinani apa. Anasayina.

M'kabokosi muja munali kapepala kanu, ndakawerenga. Mwalemba kuti, “Ukatha ubweze. Unandipatsa.” Chaka chonse simunandilemberepo, kalata yanu yoyamba ndi ya mawu atatu, ndipo ndi yolanda katundu.

Ndikubweza. Koma kamwana sikayenda kokha, kakubwera ndi mayi wake. Kontena ya katundu wobwera kumudzi inyamuka mu Ogasiti, mudzalandira makilogalamu khumi ndi atatu a chitsulo cha poto chimene chinayendapo pa misewu ya Ingalande chikudzitcha fojidi. Muchiphwanye, muchisungunule, muumbe mapoto. Wamkulu mumusungire Flossie. Wina mumupatse Rose chifukwa cha kuseka kwake. Kachidutswako musakaponyemo, kabwerere m'thumba la malaya.

Ndipo rimuyo ikafika, musanaiphwanye, muigogode kamodzi. Ndikudziwa simumva. Ikani dzanja, mudzandiuze ngati ndinanama.

Ndine mwana wanu wa kuseri kwa msika,
Everton